Tifunseni za Wailesi: Kodi Malire Anga Athera Pati?

Makalata a mwezi uno ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo afika ambiri, ndipo ngakhale olemba ake sadziwana, pafupifupi onse akuzungulira pa nkhani imodzi, ya malire a mafrikwensi amene munthu wa wailesi ya amateur amaloledwa kulankhulirapo. Wailesi ya amateur, imene ena amaitcha ham radio, ndi ija munthu amakhala nayo mwa chidwi chake pofuna kuphunzira luso la zamawailesi ndi kucheza ndi anzake a luso lomwelo, popanda kupezerapo ndalama. Ndasankhapo makalata asanu, ndipo ena ndawafupikitsa.

FUNSO: Akonzi, mlamu wanga pochokera ku Joni anandibweretsera mawailesi awiri am'manja olankhulirana a mtundu wa Baofeng UV-5R. Mwana wanga wachisamba amaperekeza alendo kukwera phiri kudzera ku Likhubula, ndipo kumtundako netiweki ya foni imavuta malo ambiri, choncho ndinaganiza kuti imodzi azitenga iyeyo, inayo izikhala ndi ine pakhomo. Ndinaonera vidiyo pa YouTube imene inati tiike 146.520, ndipo tinamvanadi bwinobwino iye ali m'mphepete mwa Lichenya. Tsopano mnzanga wina akundiopseza kuti ndidzagwidwa. Wailesiyi imalola nambala iliyonse kuyambira 136 mpaka 174. Manambalawo akanakhala oletsedwa, opanga akanawasiyiranji otsekula?
Bambo wa ku Chitakale, Mulanje

YANKHO: Bambo, mwachita bwino kulemba, paja safunsa anadya phula. Ndiyambire pa funso lanu lomaliza, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Fakitale imene inapanga wailesiyo ku China sinaipangire Malawi yekha. Imapanga wailesi imodzi n'kuigulitsa m'maiko ambirimbiri, kwa alonda a makampani, kwa a zomangamanga, kwa a amateur ndi ena otero, ndipo aliyense wa amenewa ali ndi chiphaso chake ndi manambala amene dziko lake linamupatsa. Khasu limalima paliponse pamene mwini wake walilozetsa, m'munda mwake kapena m'munda mwa mnansi, koma mlandu wa malire ukafika kwa mfumu, wosula khasuyo saitanidwa.

Kuno kwathu mafrikwensi onse amayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zamauthenga la 1998 ndipo tsopano likugwira ntchito motsatira lamulo la 2016. Kutumiza mawu pa mafrikwensi ngati amenewa popanda chiphaso cha bungweli ndi kulakwira lamulo, ngakhale wailesiyo ikhale yaing'ono yokwana m'thumba la jekete. Munthu wopatsidwa chiphaso cha amateur amalandiranso call sign, ndiye kuti dzina la zilembo ndi manambala loyamba ndi 7Q, limene limadziwitsa aliyense womvera kuti wolankhulayo ali ku Malawi, ndipo ayenera kumalitchula pafupipafupi polankhula. Kalata yanu sinatchule chiphaso, choncho vuto loyamba lili pamenepo nambala isanalowe n'komwe m'nkhani.

Tsono nambala ya 146.520 ili ndi vuto lakelake. Bungwe la ITU, loona za mauthenga pa dziko lonse, limene linayamba mu 1865 ndipo likulu lake lili ku Geneva, linagawa dziko lapansi m'zigawo zitatu pa nkhani ya mafrikwensi. Africa ali m'Chigawo 1 pamodzi ndi Europe, Russia ndi maiko ambiri a ku Middle East, pamene maiko a ku America ali m'Chigawo 2. M'chigawo chathu bandi, ndiye kuti gawo la mafrikwensi, ya amateur imene imatchedwa ya mamita 2 imayambira pa 144 MHz n'kuthera pa 146 MHz, koma ku America imapitirira mpaka 148 MHz. Nambala ya 146.520 ndi pamene a amateur a ku United States amaitanirana, ndipo munthu wa mu vidiyoyo sanakunamizeni, iye amanena za kwawo. Kuno nambala imeneyo ili kunja kwa malire ndi 520 kHz (1 MHz ndi 1,000 kHz), moti ngakhale munthu wa chiphaso cha 7Q saloledwa kulankhulirapo. Poitanirana pathu pa FM ndi pa 145.500. Bandi inayo imene wailesi yanu ili nayo, ya masentimita 70, m'chigawo chathu ndi 430 mpaka 440 MHz, pamene ku United States ndi 420 mpaka 450.

Werengani nokha: pa 136 mpaka 174, wailesi yanu imatsekula 38 MHz, ndipo mwa zimenezi za amateur ndi 2 MHz zokha. Zotsalazo zili ndi eni ake. Kuyambira 118 mpaka 137 MHz ndi bandi ya ndege, choncho nambala yoyambirira ya wailesi yanuyo, 136, ili m'munda mwa oyendetsa ndege. Pa 156.800 ndi pamene sitima zam'madzi zimaitanira thandizo zikakhala pa ngozi. Kumtunda, pa 406 MHz, ndi pamene timakina topempha thandizo ta m'ndege ndi m'sitima timatumizira chizindikiro ku masetilaiti, ndipo napo wailesi yanu imafikapo. Pakati pa 146 ndi 174 ndi pamene pamapezeka mawailesi a makampani, a alonda ndi a nthambi za boma. Mlonda wa ku esiteti ya tiyi akamaitana mnzake usiku n'kumva inu mukufunsa mwana ngati wadya, amene wasokonezedwa ndi munthu amene abwana ake analipira chiphaso cha frikwensi imeneyo.

Pali china chimene anthu a kuno sachiganizira. Mawailesi am'manjawa amatulutsa mphamvu ya mawati pafupifupi 5, ndipo pachigwa, pakati pa nyumba ndi mitengo, amafika makilomita ochepa chabe. Phiri limasintha zonsezo, chifukwa mafunde a mabandi amenewa amayenda ngati mmene maso amaonera. Munthu akaima malo okwera mamita 1,500 pamwamba pa chigwa, mawu ake angathe kufika makilomita oposa 150 kumbali kumene kulibe chotchinga, ndipo Sapitwa ndi wa mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere. Mwana wanu akakanikiza batani ali kumtunda, omumva si inu nokha pa Chitakale. Malingana ndi mbali imene waima, mawuwo akhoza kukagwera ku Thyolo, ku Blantyre, ku Phalombe kapena m'kati mwa Mozambique.

Ndinaona ndi maso anga mmene zimayambira. Tsiku lina ndinaima pa sitolo ina ya zamagetsi pamene wogulitsa ankaonetsa wailesi yangati yanuyo kwa mnyamata wofuna kugula. Anaitulutsa m'katoni, anapotokola eriyo yake n'kuiyatsa, kenaka anayamba kudumphadumpha m'matchanelo amene inabwera nawo kuchokera ku fakitale, uku akufuula "halo, halo" pa tchanelo chilichonse kuti wogulayo aone kuti ndi yamoyo. Ndinasuzumira pa skirini, ndipo manambala ambiri amene anadutsapo sanali a amateur. Wogulitsayo analibe mtima woipa, ankangoganiza kuti zimene zabwera m'katoni ndi zololedwa.

Ngakhale mutakhoza kupeza chiphaso cha amateur, sichingathetse vuto lanu lenileni. Chiphasocho ndi cha munthu mmodzi, kotero mwana wanu angafunike chakechake, komanso malamulo a ITU amati wailesi ya amateur siigwiritsidwa ntchito pa zopezera ndalama, pamene kuperekeza alendo ndi ntchito yolipidwa. Chokuyenerani ndi chiphaso cha mawailesi a ntchito, chimene MACRA imapereka pamodzi ndi frikwensi yake, ndipo mwina chingapepuke operekeza alendo atapempha monga gulu. Polembera bungweli mutchulenso mtundu wa wailesi yanu, chifukwa zipangizo zotere zimafunika kuvomerezedwa ndi bungwelo. Podikira yankho, chotsani chala pa batani lolankhulira. Kumvetsera sikusokoneza munthu, ndipo mukaika 145.800 mwina tsiku lina mudzamva wailesi ya pa International Space Station, chombo cha m'mlengalenga chokhalamo asayansi, ikudutsa pamwamba pa Mulanje, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400.

FUNSO: Ndili ndi chiphaso komanso wailesi ya HF, yolankhulira kutali, imene ndinagula kwa munthu wina. Sabata yatha ndinamva siteshoni ya ku Europe ikuitana pa 14.349 ndipo ndinaiyankha. Mnzanga amene ankamvetsera anandiimbira foni kuti ndinatuluka m'bandi. Ine ndikudziwa kuti bandi ya mamita 20 imathera pa 14.350, ndipo 14.349 ndi yochepa kuposa 14.350. Masamu ndinaphunzitsa zaka zambiri. Walakwa ndani?
Mphunzitsi wopuma, Luchenza

YANKHO: Aphunzitsi, masamu anu ndi olondola, koma mnzanuyo ndiye wakhoza, ndipo mumuthokoze kuti anakuimbirani foni m'malo mokudzudzulirani pa wailesi anthu onse akumva.

Nambala imene imaoneka pa skirini ili ngati tsinde la mtengo. Nonse a ku Thyolo mumadziwa mkangano wa mtengo wa mapeyala wodzalidwa pafupi ndi malire: tsinde lili m'munda mwanu ndithu, koma nthambi zapendekera kwa mnansi, mthunzi ukumuphera nandolo ndipo zipatso zikugwera kwake. Mawu a munthu pa wailesi nawo ali ndi nthambi. Pa SSB, njira yotumizira mawu yofala pa mawailesi a HF, mawuwo amatenga malo pafupifupi 3 kHz, ndipo malowo amakhala mbali imodzi yokha ya nambala ya pa skirini. Pa mabandi a pamwamba pa 10 MHz timagwiritsa ntchito mtundu wa SSB wotchedwa USB, kumene nthambizo zimaloza kumtunda. Inu munali pa 14.349, choncho mawu anu anatambalala mpaka pafupi ndi 14.352, kutanthauza kuti mbali yaikulu ya mawuwo inali kunja kwa bandi. Lamulo limafuna kuti chizindikiro chonse chikhale m'kati, tsinde ndi nthambi zomwe. Pa USB muzichotsa 3 kHz pa malire akumtunda, kotero pa mamita 20 nambala yomaliza ndi 14.347. Pa mamita 17, pamene bandi imathera pa 18.168, musapitirire 18.165, pa mamita 15, yothera pa 21.450, musapitirire 21.447; ndipo pa mamita 12, yothera pa 24.990, musapitirire 24.987. Kumveka kwa siteshoni ya ku Europe pamenepo sikukupulumutsani, chifukwa nayonso inali italakwa, ndipo aliyense amayankha mlandu wa wailesi yake.

Pansi pa 10 MHz mwambo ndi wa LSB, mtundu wina wa SSB, kumene nthambi zimaloza kumunsi, moti pamenepo chochenjera nacho ndi malire akumunsi. Komabe msampha waukulu pa mamita 40 uli kumtunda, ndipo wautchera ndi kusiyana kwa zigawo kuja. M'chigawo chathu bandiyi ndi 7.000 mpaka 7.200 MHz. Kale inkathera pa 7.100, kufikira pamene msonkhano wa ITU wa 2003 unagwirizana zoikulitsa, zimene zinayamba kugwira ntchito pa 29 March 2009. A ku America amafika mpaka 7.300, pamene kuno pamwamba pa 7.200 ndi pa mawailesi akuluakulu oulutsa mawu. M'mamawa kusanache mukhoza kumva munthu wa ku America akuitana momveka bwino pa 7.250, mtima n'kulakalaka kumuyankha, koma iye ali m'munda mwake pamene inu mukayankha pomwepo mwalowa m'munda mwa eni. N'chimodzimodzi pa mamita 80, pamene ife timathera pa 3.800 koma iwo amafika 4.000. Odziwa amagwiritsa ntchito njira ya split, kumvera pa nambala ya mnzakoyo uku ukutumiza pa nambala ina ya m'bandi yako imene iye wanena kuti akumvera. Njirayi ndi yabwino, koma ili ndi ngozi yake, chifukwa ukaiwala kukanikiza batani la split kapena ukasinthanitsa VFO A ndi VFO B, ndiye kuti nambala yomvera ndi yotumizira, umapezeka ukulankhula pamene umayenera kumvera. Ineyo zinandichitikirapo usiku wina ndili ndi tulo m'maso, ndipo ndinazindikira nditatchula kale call sign yanga kawiri. Kuchokera tsiku limenelo ndimayang'ana nambala yotumizira ndisanagwire maikolofoni.

Inu a 7Q muli ndi udindo wina umene a m'maiko a ma amateur ambiri alibe. Malawi samveka kawirikawiri pa mabandi, choncho mukaitana, masiteshoni ochuluka amakuunjikirani nthawi imodzi, ndipo pofuna kuwamva bwino mudzafuna kuwauza kuti aitane 5 kHz pamwamba panu. Mukanena zimenezi muli pa 14.345, mwawatumiza onsewo pa 14.350, kumene mawu awo onse ali kunja kwa bandi. Musanayambe kuitana muziwerengera malo a okuyankhani, osati anu okha.

Ndikhalitse pang'ono pa wailesi yanu yogula kwa munthu, chifukwa zonse ndanenazi zikudalira kuti skirini ikunena zoona. Mawailesi akale amasuntha frikwensi akamatenthera, makamaka m'mawa wa chiperoni chipinda chitazizira, ndipo ndi bwino kuiyatsa n'kuisiya mphindi 20 kapena 30 musanayandikire malire alionse. Poyesa ngati skirini ili bwino, fufuzani siteshoni ya nthawi ya WWV ya ku Fort Collins m'chigawo cha Colorado, imene imaulutsa pa 10 MHz ndi 15 MHz ndendende. Ikamveka, yerekezerani ndi zimene skirini yanu ikuonetsa. Funsaninso amene anakugulitsani ngati wailesiyo inatsekulidwa m'kati kuti izitumiza paliponse, popeza ambiri amachotsa kachipangizo kotchinga, ndipo ikatero siikananso ngakhale mutapotokola kupitirira malire. Kenaka pali mic gain, pokwezera mphamvu ya mawu olowa pa maikolofoni. Munthu akaona kuti sakumveka, amakweza mic gain ndi kompresa, yokulitsa mawu ofooka, mpaka kumapeto, singano ya ALC, yoonetsa ngati mawu apyola muyeso, n'kumenya kukhoma, ndipo mawu amene amayenera kutenga 3 kHz amamwazikira mbali zonse. Wotero akhoza kukhala pa 14.345 koma zinyenyeswazi za mawu ake n'kumagwera kunja.

Mawu amodzi pa kusiyana kwa lamulo ndi pangano. Malire a bandi ndi lamulo, ndipo chiphaso chanu ndicho chili ndi mawu omaliza pa mabandi ndi mphamvu zimene mwaloledwa, kuposa tchati chilichonse cha pa intaneti. Kagawidwe ka m'kati mwa bandi, kakuti apa ndi pa Morse, apa pa makompyuta, apa pa mawu, ndi pangano la bungwe la IARU, limene a amateur anakhazikitsa ku Paris mu 1925. Pa mamita 20, mwachitsanzo, pansi pa 14.100 si pa mawu, ndipo pa 14.100 penipeni amasiyira ma beacon, masiteshoni otumiza okha chizindikiro choyesera mmene mafunde akuyendera. Panganoli limatikomeranso ife nthawi zina. Bandi ya mamita 30, ya 10.100 mpaka 10.150, ndi ya Morse ndi makompyuta basi, koma pangano la Chigawo 1 limalola a mu Africa kumwera kwa equator kulankhula pa SSB pakati pa 10.120 ndi 10.140 masana. Pa mamita 6 napo Malawi ali m'gulu la maiko a kuno kumwera amene malamulo a ITU amawapatsa 50 mpaka 54 MHz, malo aakulu kuposa amene maiko ambiri a ku Europe ali nawo.

FUNSO: Mnansi wanga anamanga mlongoti ndi mawaya kuseri kwa nyumba yake. Akayamba kulankhula madzulo, mawu ake amamveka ngati a bakha m'masipika anga, ndipo nthawi zina TV imachita mizeremizere. Iye akuti ali ndi chiphaso. Kodi sakudumpha malire amene anapatsidwa?
Mayi wa ku Bvumbwe, Thyolo

YANKHO: Mayi, mawu ngati a bakhawo ndi mmene SSB imamvekera ikalowa m'chipangizo chimene sichinapangidwire kuimva, ndipo pa zimene mwalongosolazi pali zifukwa ziwiri zotheka.

Choyamba n'chakuti mnansi wanu akhoza kukhala m'kati mwa malire ake bwinobwino, koma chifukwa cha kuyandikana, mawaya aatali a masipika anu akugwira ntchito ngati eriyo n'kumakokera mphamvuyo m'kati mwa amplifaya. Masipika alibe frikwensi imene amamvera, choncho akamalankhula okha, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chimenechi. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: kufupikitsa mawaya ndi kuwakulunga kangapo pa mphete za ferrite, zotchinga mafunde a wailesi, pafupi ndi pamene amalowera m'chipangizo.

Chachiwiri ndi ma harmonic, ndipo apa mlandu ndi wake. Wailesi iliyonse ikamatumiza imatulutsanso tizizindikiro tofooka pa nambala yowirikiza kawiri, katatu ndi kupitirira. Wolankhula pa 7.150 amatulutsa kena pa 14.300 ndi 21.450, wa pa 29 MHz, kuwirikiza kanayi, amafika pa 116 MHz, m'bandi ya zipangizo zolondolera ndege, ndipo wa pa 50 MHz, kuwirikiza kawiri, amagwera pa 100 MHz, pakati penipeni pa mawailesi a FM amene mumamvera. Wailesi yabwino ili ndi sefa yotchinga zimenezi, koma sefayo ikawonongeka, kapena munthu akalumikiza amplifaya yosakonzedwa bwino, skirini imaonetsa nambala yololedwa pamene mphamvu ina ikutulukira kwina. Kumeneko nako ndi kudumpha malire, ndipo amene ayenera kukonza ndi mwini wailesi, poika sefa ya low-pass, yotchinga manambala a pamwambawo, pakati pa wailesi ndi eriyo, pochepetsa mphamvu, kapena posunthira eriyo kutali ndi nyumba yanu.

Ndikupemphani kuti muyambe mwamuitana adzamve yekha. Lembani nthawi imene vutoli limachitika kwa masiku angapo, iye ayerekezere ndi buku lake lolembamo bandi ndi nthawi, kenaka muyese pamodzi, iye akutsitsa mphamvu pang'onopang'ono inu mukumvetsera. Wa amateur wodziwa ntchito yake amakondwera ndi mayeso otere. Akakana kumva, dandaulo la kusokonezedwa limapita ku MACRA.

FUNSO: Ndimakhala pafupi ndi chipata cha Muloza ndipo ndili ndi chiphaso. Kodi ndingalankhule ndi a ku Milange? Nanga popita kukaona abale kutsidyako ndingatenge wailesi yanga yam'manja?
Wowerenga wa ku Muloza, Mulanje

YANKHO: Achimwene, kulankhula ndi wa amateur wa ku Mozambique amene ali ndi chiphaso cha kwawo n'kololedwa, ndipo mudzamudziwa ndi call sign yoyamba ndi C9. Mozambique ali m'Chigawo 1 ngati ife, kotero pa mamita 2 malire anu ndi ake ndi amodzi. Ngati wa kutsidyako alibe call sign, ameneyo si wa amateur, ndipo musamuyankhe ngakhale akhale msuweni wanu. Muzilankhulanso mawu omveka, chifukwa malamulo a ITU amaletsa a amateur kubisa tanthauzo la uthenga wopita dziko lina, ndipo pa malire a maiko mawu ophiphiritsa amakayikitsa msanga. Za kunyamula wailesi, chiphaso cha MACRA chimathera pachipata pomwepo. Mukawoloka, amene ali ndi ulamuliro ndi bungwe la kwawo la INCM, ndipo popanda chilolezo chake wailesiyo isiyeni kunyumba.

FUNSO: Pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, kwathu kuno misewu ndi milatho zinaduka, magetsi anazima ndipo mafoni anasiya kugwira. Ine ndili mu komiti yoona za ngozi m'mudzi mwathu. Zoterezi zikadzachitikanso, munthu amene ali ndi wailesi adzaimbidwa mlandu akaitana thandizo pa frikwensi imene si yake?
Mayi wa mu komiti ya m'mudzi, Mulanje

YANKHO: Mayi, pepani ndi zimene munadutsamo. Malamulo a ITU ali ndi ndime, ya 4.9, imene imanena momveka kuti palibe lamulo m'bukumo loletsa siteshoni imene ili pa ngozi kugwiritsa ntchito njira iliyonse ya wailesi imene ili nayo pofuna kudziwitsa anthu, kunena pamene ili ndi kupeza thandizo. Moyo wa munthu ukakhala pachiswe ndipo njira zina zonse zatsekeka, kuitana n'koyenera. Koma ndimeyi ndi yopapatiza. Ikunena za mphindi imene madzi afika m'khosi, ndipo siikupereka ufulu woti komiti igule mawailesi n'kumayeserera pa manambala a eni poti tsiku lina kudzagwa ngozi. Ngoziyo ikatha, kapena uthenga ukafika, wolankhulayo achokepo.

Maganizo anga ndi akuti kudalira ndime imeneyi ndi kukonzekera kofooka. Munthu amene sanaphunzire akayatsa wailesi usiku wa chigumula n'kumaitana pa nambala yongolota, kawirikawiri palibe amene akumvera pamenepo, ndipo batire limatha asanayankhidwe. Choopsa kwambiri n'chakuti akhoza kugwera pa frikwensi ya opulumutsa anthu, chala chili pa batani, n'kutseka mawu a anthu omwe akubwera kudzamuthandiza, popeza pa FM chizindikiro champhamvu chimaphimba chofooka.

M'kati mwa malire muli kale malo okonzedwera zimenezi. Ndime 25 ya malamulo omwewo imalimbikitsa maiko kulola a amateur kukonzekera ndi kuthandiza pa nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo pa nthawi yotero amaloledwa kutumizira anthu ena mauthenga ngakhale kunja kwa dziko. Pangano la IARU la Chigawo 1 linapatula manambala amene mauthenga a ngozi amasonkhanirapo, omwe ndi 3.760, 7.110, 14.300, 18.160 ndi 21.360 MHz. Kwa inu ofunika kwambiri ndi awiri oyambawo, chifukwa waya wamba womangidwa m'munsi pakati pa mitengo iwiri umaponya mafunde a mabandi amenewa m'mwamba n'kubwerera pansi, moti amatha kudumpha phiri n'kukafika ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Lilongwe popanda nsanja ya foni, mamita 40 masana ndi mamita 80 usiku. Pokambirana m'komiti yanu, sankhani anthu awiri kapena atatu a chidwi, mwina mphunzitsi wa sayansi ndi achinyamata amene anatsiriza Fomu 4, kuti aphunzire ndi kupempha ziphaso ku MACRA. Mugwirizane ndi a ku ofesi ya boma yoona za ngozi za amene adzakhale akumvera kumbali inayo, pa nambala iti ndiponso nthawi yanji, chifukwa wailesi yopanda womvera ili ngati kukuwa m'nkhalango. Batire la galimoto ndi sola yaing'ono zizikhala pamalo okwera pamene madzi sanafike mu 2023, ndipo muziyesa zonsezi kamodzi pamwezi kuyambira mu October, mvula isanayambe.